Tchalitchi cha m'mudzi muno chatsala ndi agogo okhaokha: ndilowe komiti kapena ndizipita ku tauni?

NaMbewe: Abale, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mukukhala m'midzi ya kuno ku England osati m'matauni. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'mudzi wina ku Norfolk. Mudziwo uli ndi tchalitchi cha Angilikani, holo ya mudzi ndi pub (malo omwera ndi kuchezera) imodzi, basi. Sitolo inatsekedwa kale, ana amakaphunzira mudzi wina, ndipo Lamlungu basi siyenda. Kwathu ku Dedza ndine wa CCAP, wa Chigwirizano, koma kuno ndimapemphera m'tchalitchi chomwechi poti ndi chimene ndimafikako wapansi. Tikasonkhana sitikwana khumi ndi asanu, ndipo wopanda imvi ndimakhala ndekha. Ansembe athu amayang'anira matchalitchi asanu ndi awiri, ndiye kwathu amafika mwa apo ndi apo. Tsopano mayi amene ali churchwarden (mkulu wosamalira tchalitchi), a zaka zopitirira 80, andipempha kuti ndilowe m'komiti ya tchalitchi imene amaitcha PCC. Mtima wanga wagawikana. Anzanga akuti ndisiye, ndizipita ku Norwich kumene kuli mipingo ya anthu akwathu a ku Africa, kumene kuli kwaya ndi ng'oma. Koma ndikawayang'ana mayi aja akutsegula chitseko cholemera chija ndi manja onjenjemera, ndimasowa mtendere. Inu mukanatani?

Bambo a Tadala: Achemwali, ine ndilankhula mosapsatira. Mpingo umenewo unafa kale, chatsala ndi nyumba. Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti ku England ndi Wales anthu odzitcha Akhristu anali 46.2 peresenti, koyamba kutsika kupitirira theka, ndipo amene amati alibe chipembedzo anali 37.2 peresenti. Eni ake anausiya mpingo wawo. Inu mlendo wobwera pa viza mukausenza bwanji? Moyo wanu wauzimu ukufunika chakudya. Kuno ku Peterborough timayamba 10 koloko, timatuluka 2 koloko, munthu umabwerera kunyumba utamva kuti wapemphera. Akufuna akugwiritseni ntchito poti aona kuti muli ndi mphamvu.

Chikondi ku Devon: Bambo a Tadala, mawu oti unafa aja alemera. Ine ndili m'mudzi ngati womwewo ndipo sindikuona choncho. Ndibweranso ndikaweruka.

Mayi a Dalitso: Mwana wanga NaMbewe, ine ndakalambira m'mudzi wina kuno ku Hampshire, ndinabwera monga namwino, ndipo m'komiti imeneyo ndakhalamo. Ndikufotokozere momwe zilili kuti usankhe ukudziwa.

Choyamba, anthu ambiri akwathu amaganiza kuti poti Church of England ndi mpingo wa Mfumu, ndiye kuti boma ndi limene limalipira ansembe ndi kukonza matchalitchi. Si choncho. Parishi iliyonse imatumiza ndalama ku dayosizi, amati parish share, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera malipiro ndi nyumba za ansembe. Denga likadontha, ndi anthu khumi ndi asanu amene ukuwaonawo amene amathamanga. Mpingowu uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ndipo oposa 12,000 ndi nyumba zotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha zaka zake. Kwanu ku Norfolk kokhako kuli matchalitchi oposa 600 omangidwa zaka mazanamazana zapitazo, ambiri ndi chuma cha ubweya wa nkhosa, nthawi imene midzi inali yodzaza anthu. Nyumba yotereyi sungangoitana mmisiri wa pa kona. Zaka zisanu zilizonse katswiri wa zomangamanga amabwera kudzayendera, n'kulemba zonse zofunika kukonza. Ukafuna kuchotsa benchi, kuika chimbudzi kapena kudula mtengo waukulu kumanda, uyenera kupeza chilolezo cha dayosizi. M'denga mukakhala mileme, nayonso ndi yotetezedwa ndi lamulo, suyithamangitsa. Ndiye palinso akuba amene amasenda mtovu wa padenga usiku. Zonsezi zimagwera komitiyo.

Chachiwiri, usayeze mpingo wa m'mudzi ndi mitu ya Lamlungu yokha. Taona pakhoma la pakhomo lolowera, upeza mapepala a mayina. Wina amaika maluwa, wina amasesa, wina amatchetcha kumanda, wina amatsegula m'mawa ndi kutseka madzulo, wina amakoka wotchi ya pansanja. Theka la anthu amenewo Lamlungu suwaona, koma ukanena kuti tchalitchi chitsekedwe ndi amene amayamba kukwiya. Makolo awo agona pamenepo. Ku England aliyense wokhala m'parishi, kaya amapemphera kaya ayi, ali ndi ufulu wobatiza mwana, kumangitsa ukwati ndi kuikidwa m'manda a tchalitchi ngati malo alipo. Ansembe ndi a mudzi wonse, osati a olowa okha.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Ntchito ndi yolemetsa, ndipo ukavomera chimodzi amakuonjezera china. Koma kunena kuti akufuna kukudyera masuku pamutu, ayi. Mayi a zaka 80 aja akufunafuna woti amusiyire kiyi.

Bambo a Tadala: Mayi, ndi ulemu wonse, zimene mwatchulazi ndi denga, mileme, maluwa ndi wotchi. Yesu sindinamumve. Mpingo ndi wosunga nyumba zakale kapena wopulumutsa miyoyo?

Mayi a Dalitso: Bambo a Tadala, funso lanu ndi labwino ndipo ansembe ambiri a kuno amalifunsanso. Koma ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso. Mayi wina wa m'tchalitchi mwathu amatenga anthu odwala pa galimoto yake kupita nawo kuchipatala m'tauni, amadikirira mpaka atuluke, salandira kanthu. Bambo wina amapita ndi Mgonero kwa amene sangathenso kudzuka. Lachitatu m'mawa timaphika tiyi ndi makeke, amasiye amene sabata yonse alankhula ndi wailesi yokha amabwera kudzacheza. Anthu a kuno dzina la Yesu salitchula mokweza, ena amachita manyazi ngakhale kupemphera pagulu, koma ndi amene anandisunga pamene mwamuna wanga anamwalira. Ine sindingawaweruze.

Gogo NaBanda ku Lilongwe: Pepani ana anga, ine ndimangowerenga pa foni ya mdzukulu. Mukuti mudzi, nanga mfumu ya mudziwo ili kuti? Bwanji osakadandaula kwa amfumu kuti aitane anthu? Ndiponso achinyamata anapita kuti?

Che Jafali: Agogo, mwaswera bwanji kumeneko. Kuno mudzi ulibe mfumu kapena nyakwawa. Kuli khonsolo yaing'ono yosankhidwa ndi anthu, amati parish council. Dzinali limasokoneza chifukwa ukamva ungati ndi ya tchalitchi, koma ndi ya boma. Lamulo la 1894 ndi limene linalekanitsa ziwirizi. Khonsoloyi imaona za bwalo la masewera a ana, tinjira ta m'minda, timinda tobwereka, mabenchi, ndi kupereka maganizo wina akafuna kumanga. Siingaitane munthu kuti apite kukapemphera.

Za achinyamata, ine ndimagwira ntchito kufamu ku Lincolnshire ndiye ndikuona chifukwa chake. Munda umene kale unkalemba anthu makumimakumi, lero bambo mmodzi ndi mwana wake amaumaliza ndi mathirakitala. Ntchito m'mudzi mulibe. Ndiye nyumba zinakwera mtengo, poti anthu opuma pantchito ochokera ku London ndi mizinda ina amazigula, ena n'kumangobwera pa tchuthi. Mwana wobadwira momwemo sangakwanitse kugula, amasamukira m'tauni. Ana akachepa sukulu imatsekedwa, kenako sitolo, kenako positi ofesi, basi n'kusiya kuyenda. Tchalitchi ndi chimene chimatsalira pomaliza.

Gogo NaBanda ku Lilongwe: Ndamva bambo. Ndiye kuti akuluakuluwo akukhala okha, opanda ngakhale mdzukulu wowatungira madzi. Zachisoni.

NaMbewe: Ndi choncho agogo. N'chifukwa chake ife tili kuno. Ena amene ndimawasamalira ana awo ali ku Australia.

Aphunzitsi a ku Nkhotakota: Ndiloleni ndiikepo mawu monga wa Angilikani wa kuno kumudzi. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa mpingo umene ndinabatizidwamo unachokera m'maparishi ngati omwewo. David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu Disembala 1857, kunabadwa bungwe la amishoni a Angilikani la UMCA. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861 ndipo anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, asanathe ndi chaka chomwe. Patapita zaka anabwera a William Percival Johnson amene anayenda m'mbali mwa nyanja zaka zoposa makumi anayi, ndi a Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene ubishopu. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma anayamba kumanga mu 1903. Ntchito yonseyi inkayenda ndi zopereka za Akhristu a m'maparishi a ku England, ena a iwo anthu wamba a m'midzi amene sanaione nyanja yathu. Mpaka lero dayosizi ya Birmingham ili pa ubale ndi madayosizi athu kuyambira 1966.

Sindikunena kuti NaMbewe ali ndi ngongole yoti abweze, ayi, ndipo mbiri ya amishoni ili ndi zowawa zake zimene tonse tikuzidziwa. Koma kuno ku Nkhotakota tchalitchi chimadzaza mpaka ena kukhala panja, pamene kumene kunachokera Uthenga kwatsala agogo khumi. Mwana wa ku Dedza akaitanidwa kuti akhale m'komiti kumeneko, ine ndikuona dzanja la Mulungu.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi, mbiri mwaifotokoza bwino. Koma Mackenzie anabwera kudzalalikira. Achemwali athuwa akuwaitanira kukawerengera ndalama za denga.

Nangozo: Ine ndili mbali ya Bambo a Tadala, koma pa chifukwa china. Ndinakhalapo m'mudzi wina ku Shropshire. Tsiku loyamba anandilandira bwino kwambiri, kumwetulira, tiyi, kundifunsa kuti Malawi ili kuti. Miyezi inadutsa, mafunso anali omwewo. Palibe anandiitanapo kunyumba kwake. Tsiku lina ndinakhala pa benchi ina, mayi wina anandiuza mwaulemu kuti pamenepo pamakhala banja lakutilakuti, chikhalirecho banjalo linali lisanabwere chaka chonse. Nditapempha kuti ndiyimbeko nyimbo imodzi ya kwathu, anati akambirana kaye, ndipo yankho silinabwere. Bambo wina ankandifunsa kawirikawiri kuti ndibwerera liti kwathu. Mwina sankatanthauza zoipa, koma zinkandilasa. Ndinasiya, pano ndimakwera sitima kupita ku Wolverhampton. NaMbewe, uonetsetse kuti akukufuna iweyo ndi mawu ako omwe, osati manja ako okha.

Mayi a Dalitso: Nangozo, zimene wanenazo zimachitika ndipo pepa kuti unakumana nazo. Sindikutsutsa. M'midzi muno ngakhale mzungu wochokera ku London amakhala zaka makumi awiri akutchedwabe wobwera. Kwa ife akhungu lakuda mpanda wake umakhala wautali kuposa apo. Chimene ine ndinaona n'chakuti anthu a kuno samasuka pocheza chabe, amamasuka pogwira ntchito limodzi. Amene tinkatsuka nawo makapu kukhitchini ya holo ndi amene anayamba kundiuza za matenda awo ndi za ana awo. Koma pali midzi ina youma mtima, ndipo munthu sayenera kudzikakamiza pamene sakufunidwa.

NaMbewe: Achemwali Nangozo, zikomo, mawu anuwo ndawasunga. Kwa ine mpaka pano sizinafike pamenepo. Ndimawerenga nawo mawu, ndipo mayi a churchwarden aja anandiitanapo kwawo kukadya. Koma chimene chinandisokoneza kwambiri ndi maliro. Bambo wina amene ndinkawasamalira anamwalira. Ine ndinaweruka n'kupita kunyumbako kuti ndikakhale nawo anamfedwa. Ndinapeza zitseko zotseka, phee, mayi ali okha ndi mwana wawo mmodzi. Kunalibe siwa, kunalibe nyimbo, kunalibe moto panja. Thupi linali kwa a kampani ya maliro, ndipo mwambo unachitika patadutsa masabata atatu. Mapemphero sanathe ola limodzi, kenako tiyi ndi masangweji ku holo. Usiku umenewo ndinalira ndekha kuchipinda kwanga. Ndinadzifunsa kuti kodi ndikafera kuno zidzatero?

Bambo a Tadala: Mwaona? Kuno kwathu wina akaferedwa timagona komweko, timasonkha, thupi timatumiza kumudzi. Umenewo ndiye mpingo.

Che Jafali: Pa maliro ndiye ndikugwirizana nanu kuti n'zovuta kuzolowera, makamaka ife Asilamu amene timaika mwamsanga. Kuno ambiri amawotchedwa, pafupifupi anthu anayi mwa asanu alionse. Koma achemwali NaMbewe, munaona zimene zinachitika masabata otsatira? Kuno kwathu neba wanga atamwalira, pakhomo pa mkazi wake panadzaza makadi. Wina ankasiya mphika wa chakudya pakhomo n'kuchoka osagogoda. Wina anatchetcha kapinga wawo chilimwe chonse osanena kanthu. Iwo amati kulemekeza woferedwa ndi kumupatsa mpata. Ife timati ndi kumuzungulira. Ine ndimakondabe zakwathu, koma sindinenanso kuti alibe chisoni.

NaMbewe: Zoona Che Jafali, makadi ndinawaona, ndipo tsiku la maliro tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuimirira kumbuyo. Anthu amene sindinawaonepo Lamlungu anabwera onse, alimi atavala masuti akuda. Nyimbo ankazidziwa.

Chikondi ku Devon: Ndaweruka tsopano. Ine njira imene ndinalowera m'mudzi ndi mabelu. Ndinkamva akulira Lachiwiri lililonse madzulo, ndinafunsa, anati ndi maphunziro, bwera. Kuimba mabelu kwa ku England ndi luso lakelake. Munthu aliyense amagwira chingwe cha belu limodzi, belulo limazungulira mpaka kuyang'ana kumwamba, ndipo mumasinthana ndondomeko ya kaliridwe potsata masamu amene muwasunga m'mutu, popanda pepala. Ena mwa mabelu amalemera kuposa theka la tani. Akafuna kuimba mokwanira, amati peal, amasintha ndondomeko kosachepera ka 5,000 osabwereza, ndipo zimatenga pafupifupi maola atatu osapuma. Pa mabelu asanu ndi awiri masinthidwe onse otheka ndi 5,040. Pamene Mfumu Charles ankavekedwa ufumu pa 6 Meyi 2023, anaitana anthu atsopano dziko lonse kuti aphunzire chifukwa oimba anali ochepa.

M'gulu lathu muli mlimi wa ng'ombe za mkaka, mphunzitsi wopuma, mnyamata wa sekondale ndi ine. Ena akamaliza kuimba Lamlungu amatsika n'kumapita kwawo osalowa m'mapemphero, ine ndimalowa. Tikamaliza maphunziro timapita ku pub, ine ndimamwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ndi kumeneko kumene ndinapezera nyumba ya lendi imene ndikukhalamo, ndi munthu wondiphunzitsa galimoto. Bambo a Tadala, kuimba kwa kwathu ndimakusowa, sindinama. Kamodzi pa mwezi ndimapita ku Exeter kukapemphera ndi anzathu. Koma ndikadwala usiku amene angafike pakhomo panga msanga ndi mlimi wa ng'ombe uja, osati abale a ku Exeter.

Nangozo: Pamenepo Chikondi wanena zoona. Mtunda ndi vuto. Chipale chikagwa sitima siziyenda, ndimakhala ndekha.

Che Jafali: Ine ndine Msilamu, Lachisanu ndimayesetsa kupita ku mzikiti m'tauni, koma zochitika za mudzi zambiri zimadzera ku tchalitchi ndiye ndimapezekako. M'chilimwe kumakhala fete pabwalo, kugulitsa makeke, mbewu za maluwa, mabuku akale, mpikisano wa agalu ndi wa ndiwo zamasamba, ndalama n'kugawana tchalitchi ndi holo. Matenti ndimakhoma nawo ndine. Palibe anandiuzapo kuti ndisinthe chipembedzo.

Tsiku limene limandigwira mtima ndi Lamlungu lachiwiri la Novembala, lokumbukira omwe anafa pankhondo. Mudzi wonse umasonkhana pa chipilala, 11 koloko ikakwana onse chete mphindi ziwiri, kenako amawerenga mayina mmodzimmodzi. Kamudzi kakang'ono koma mayina ambirimbiri, ena a banja limodzi. Ku England ndi Wales konse midzi imene anyamata ake onse anabwerako amoyo ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi yongopitirira 50. Agogo anga aamuna anali msilikali wa King's African Rifles, anamenya nkhondo yachiwiri ku Burma. Nditawauza akuluakulu a m'mudzimo, ndi kuwasonyeza chithunzi cha chipilala cha KAR cha ku Zomba, ambiri sankadziwa kuti anthu a ku Nyasaland anamenya nawo. Chaka chotsatira popemphera anatchula asilikali a ku Africa. Kukanakhala kuti kunalibe munthu wakwathu pamenepo, sakanatchula.

Aphunzitsi a ku Nkhotakota: Che Jafali, mwanena chinthu chachikulu. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Bambo a Tadala: Zonsezi ndi zabwino, ndi chikhalidwe chabwino cha mudzi. Koma ndikufunsabe, mwana wa NaMbewe akadzabwera adzakula ndi Sande sukulu iti? Ana athu akufunika anzawo okhulupirira.

NaMbewe: Limenelo ndi funso lenileni bambo, koma kwa ine silinafike. Ndinabwera lamulo litasintha mu Malichi 2024, osamalira okalamba sitiloledwanso kubweretsa mabanja. Ana anga ali ndi agogo awo ku Dedza. Mwina n'chifukwa chake Lamlungu limandilemera ndikakhala ndekha m'nyumba.

Mayi a Dalitso: Pepa mwana wanga, ndikudziwa kuwawa kwake. Pa za ana Bambo a Tadala sakunama, Sande sukulu m'midzi yambiri inatha. Chimene chilipo ndi sukulu za pulayimale za mpingo, poti pafupifupi sukulu imodzi mwa zinayi za pulayimale ku England ndi ya Church of England, ndipo ansembe amapita kukachititsa mapemphero kumeneko. Ana amadzaza tchalitchi pa Khirisimasi, pa mwambo wa Christingle umene amanyamula lalanje lobayidwa kandulo, ndi pa masika. Kwa banja la ana aang'ono ine ndingalangize kuti azipitanso kumene kuli ana anzawo.

Iwe wa Chigwirizano, funsa ngati m'dera lanu muli Mothers' Union, bungwe la amayi a Angilikani. Inayambira m'mudzi wa Old Alresford kuno ku Hampshire mu 1876, pamene Mary Sumner, mkazi wa wansembe, anaitana amayi a m'mudzimo kunyumba kwake kuti azithandizana kulera ana m'chikhristu. Lero mamembala ake ambiri ali ku Africa ndi ku India, kuphatikizapo amayi athu a yunifolomu ya buluu ndi yoyera kumudzi. Kuno kumene inabadwira nthambi zambiri zinatsekedwa chifukwa cha ukalamba. Pamene ndinapita ku Old Alresford ndinaima m'tchalitchimo n'kukumbukira mayi anga ondibereka akuchapa yunifolomu yawo Loweruka.

Chikondi ku Devon: Mwatchula masika, kwathu ndi Lamlungu likubwerali. Mwambo wake monga ulili lero akuti anauyambitsa wansembe Robert Hawker ku Morwenstow, ku Cornwall, mu 1843, pafupi ndi kuno. Tchalitchi amachikongoletsa ndi maungu, maapulo, mitolo ya tirigu ndi buledi wowumbidwa ngati mtolo. Koma zambiri zimene anthu amabweretsa masiku ano ndi zam'zitini, mpunga ndi pasta, zimapita ku food bank ya m'tauni, kumene amagawa chakudya kwa osowa. Ine poyamba sindinkakhulupirira kuti m'midzi yokongola chonchi muli anthu ogona ndi njala, koma alimo, amangobisala. Madzulo kumakhala chakudya cha mudzi wonse ku holo. Chaka chatha ndinaphika mandasi, anatha onse.

Gogo NaBanda ku Lilongwe: Ndiye masika alikonso kumeneko? Ife kuno timanyamula matumba a chimanga ndi nkhuku zamoyo kupita nazo kutsogolo tikuvina. NaMbewe mwana wanga, ine sindinaphunzire, koma munthu wamkulu akakupempha kuti umulandire katundu, umalandira. Mulungu wa ku Dedza ndi yemweyo.

Nangozo: Agogo, kulandira katundu n'kwabwino, koma mashifiti a ntchito yathuyi mukuwadziwa? Maola khumi ndi awiri uli chiimire, ena usiku. Ndiye uwonjezere misonkhano. Komanso NaMbewe ufunse bwino, membala wa PCC amakhala ndi udindo pa lamulo, monga trasti wa bungwe lachifundo. Si zongokhala pampando.

Mayi a Dalitso: Nangozo wanena zoona, ndi matrasti, ndipo ayenera kuonetsetsa kuti ndalama zikuyenda bwino, inshuwalansi yalipidwa, ndi malamulo oteteza ana ndi okalamba akutsatidwa. Pamakhala kamaphunziro ka pa intaneti ka zimenezi, koma kwa iwe amene uli kale pa ntchito yosamalira anthu si zachilendo. Misonkhano imakhala kangapo pa chaka, madzulo, nthawi zambiri pa tebulo la kukhitchini kwa wina. Kukhala membala wamba n'kosiyana ndi kukhala churchwarden kapena msungichuma. Maudindo awiriwo usavomere pakali pano, ngakhale akuchonderere.

Ndipo udziwe chimene chili patsogolo pa matchalitchi ang'onoang'ono ngati chanucho. Mu 2019 Sinodi ya Church of England inachotsa lamulo lakale lakuti tchalitchi chilichonse chizichititsa mapemphero Lamlungu lililonse, poti ansembe sankakwanitsa. Ena asanduka matchalitchi otsegulidwa pa zikondwerero zokha, Khirisimasi, Pasaka, masika, maukwati ndi maliro. Akasowa anthu a komiti, njira yotseka imayamba. Ena amaperekedwa ku Churches Conservation Trust, imene ikusunga matchalitchi oposa 350 amene mapemphero a sabata ndi sabata anatha, ena amagulitsidwa n'kukhala nyumba zogona monga zachitikira matchalitchi ambiri a Methodist m'midzi. Koma kulinso midzi imene inachenjera, anaika sitolo ya mudzi kapena positi ofesi kumbuyo kwa tchalitchi, anaika khitchini ndi chimbudzi, nyumba n'kumagwira ntchito sabata yonse. Zoterezi zimafuna munthu wa maganizo atsopano m'komiti.

Bambo a Tadala: Positi ofesi m'nyumba ya Mulungu. Mayi, apa ndiye sitigwirizana ngakhale pang'ono. Koma ndamva kuti achemwali athuwa mtima wawo wapendekera kale kumeneko. Ine pempho langa ndi limodzi. Mukalowa, musakangokhala wa denga. Kayambitseni kagulu kowerenga Baibulo ndi kupemphera, ngakhale mukhale atatu. Ngati akana zimenezo, mudzadziwa kuti ndinkanena zoona.

NaMbewe: Bambo a Tadala, limenelo ndalilandira ndi manja awiri, ndipo ndikawauza mayi aja poyera kuti ndikalowa ndikufuna zimenezo, ndiponso kuti nyimbo ya kwathu izimvekako nthawi zina. Achemwali Nangozo, ndikayesa chaka chimodzi monga membala wamba, ndikaona kuti mawu anga sakumveka ndidzatula pansi. Lamlungu limene kwathu kulibe mapemphero ndizipita ku Norwich ndikapeza wonditenga. Koma Mayi a Dalitso, ine ndine wa CCAP, sindinasinthe mpingo ndipo sindikufuna kusintha. Zimenezi sizingalepheretse?

Mayi a Dalitso: Sizilepheretsa. Munthu wobatizidwa, wa mpingo wina wokhulupirira Utatu Woyera, akhoza kulembetsa m'kaundula wa parishi, amati electoral roll, posaina kuti alinso membala wa Church of England, osasiya mpingo wake. Uyeneranso kukhala wolandira Mgonero. Koma chofunika uchite msanga ndi ichi: kuti usankhidwe, dzina lako liyenera kukhala litakhala m'kaundulamo miyezi isanu ndi umodzi tsiku la chisankho lisanafike, ndipo msonkhano wapachaka umachitika pasanadutse pa 31 Meyi, midzi yambiri mu Epulo. Ndiye upemphe fomuyo Lamlungu lomwe lino, usadikire Khirisimasi. Ukachedwa akhozabe kukulowetsa komiti yokha itagwirizana, koma ndi bwino usankhidwe ndi anthu. Uwauzenso mashifiti ako asanakonze masiku a misonkhano.

NaMbewe: Zikomo mayi. Lamlungu lino ndili pa ntchito mpaka 2 koloko, ndiye ndiwaimbira foni mayi aja mawa kuti andisungire fomuyo, ndikaitenge kwawo ndikaweruka.